Phiomyidae, banja la agogo a tchenzi limene akatswiri akuligawabe

Amene mumadya tchenzi, tsiku lina mukadzamaliza kukukuta mutu wake musadzafulumire kuponyera galu nsagwada ya m'munsi. Mudzaitsuke bwino, muitembenuze mano aloze pansi, muione mofatsa. Mbali ya kumbuyo, pomwe pamagwira minofu yotafunira, sili pa mzere umodzi ndi dzino lalitali la kutsogolo lija. Imakhotera kunja ngati khutu la mphika. Mukatenga nsagwada ya khoswe kapena ya bwampini mupeza zosiyana, chifukwa fupa la kumbuyolo limangotsika molunjika pansi pa muzu wa dzino. Muwerengenso mano otafunira. Tchenzi ili nawo anayi mbali iliyonse, khoswe ndi mbewa zili nawo atatu.

Kusiyana kwa nsagwada kumeneku n'kumene Tycho Tullberg, katswiri wa ku Sweden, anatengera mu 1899 pogawa pawiri nyama zonse zokukuta, zimene asayansi amazitcha Rodentia. Zokhala ndi nsagwada yokhotera kunja anazitcha Hystricognathi, kutanthauza za nsagwada ya nungu. Tchenzi, nungu, mfuko ndi mbira zoweta m'nyumba zija zonse zili m'gululi. Ndipo mukafunsa kuti gulu limeneli linayamba bwanji kuno ku Africa, mabuku amakulozerani ku dzina limodzi, Phiomyidae, banja la tinyama timene tinatha kalekale, timene palibe munthu anationapo ndi maso tikuyenda.

Tiyambe ndi dzinalo. Kuchokera mu 1758, pamene Carl Linnaeus anakhazikitsa kachitidwe kotchula nyama ndi mawu awiri, nyama iliyonse imakhala ndi dzina loyamba longa chiwongo, limene imagawana ndi abale ake apafupi, ndi lachiwiri lake lake. Tchenzi yaikulu ndi Thryonomys swinderianus, yaing'ono ndi Thryonomys gregorianus. Ziwongo zingapo zoyandikana zimaikidwa m'banja limodzi, ndipo lamulo limati dzina la banja la nyama lizitha ndi -idae, lomangidwa pa dzina la chiwongo chimodzi choimira banja lonselo. Phiomyidae ndi banja lomangidwa pa Phiomys. Mawu akuti mys ndi Chigiriki, kutanthauza mbewa. Mbali yoyambayo ikuchokera ku Phiom, mawu a Chikoputiki, chinenero chakale cha ku Egypt, otanthauza nyanja, omwenso anabala dzina la Fayum, chigwa cha ku Egypt chimene chili kumwera chakumadzulo kwa Cairo. Tinganene kuti Phiomys ndi mbewa ya ku Fayum, ngakhale kuti pa ubale ili kutali ndi mbewa zimene anyamata amakumba m'malimwe.

Lero kumpoto kwa nyanja ya Qarun ndi chipululu, mchenga ndi zitunda za miyala basi. Zaka 37 mpaka 30 miliyoni zapitazo kunali nkhalango, madambo ndi mitsinje yothira m'nyanja yaikulu imene inali kumpoto kwake. Matope ndi mchenga wa mitsinje imeneyo ndi zimene zinakwirira mafupa a nyama n'kuwasandutsa miyala. Mu 1907 gulu la American Museum of Natural History ya ku New York, lotsogozedwa ndi Henry Fairfield Osborn, linapita kumeneko kukasaka makamaka makolo a njovu ndi zinyama zina zikuluzikulu monga Arsinoitherium ya nyanga ziwiri ija. Pakati pa zimafupa zimenezo panapezeka tinsagwada tating'ono. Mu 1908 Osborn anatipatsa mayina awiri, Phiomys andrewsi ndi Metaphiomys beadnelli, pokumbukira Charles Andrews ndi Hugh Beadnell, a ku Britain amene anayamba kufufuza dera limeneli iye asanafike.

Ntchito yotola tinyama totere ndi yosiyana ndi zimene timaona pa zithunzi, anthu akufukula chigaza chachikulu ngati ng'oma. Dzino limodzi lotafunira la Phiomys ndi la mamilimita awiri kapena kucheperapo, ngati njere ya mapira. Elwyn Simons, amene anayamba maulendo ake a ku Fayum mu 1961 ali ku yunivesite ya Yale ku America, anatchuka ndi njira yooneka ngati yachibwana. Antchito ankasesa timiyala tophimba pamwamba pa nthaka n'kuchoka, kusiyira mphepo ya m'chipululu kuti iulutse mchenga wofewa chaka chonse. Pobwerera ankakwawa ndi mawondo, nkhope pafupi ndi nthaka, kutola zimene mphepo yavundukula. Malo ena amasefa mchenga pa sefa ngati ufa, zotsalazo n'kukazisankha limodzilimodzi pansi pa galasi lokulitsa zinthu. Zambiri zimene zimapezeka ndi mano okhaokha, mwina kachidutswa ka nsagwada kali ndi mano awiri kapena atatu. Chigaza chathunthu chimapezeka mwa apo ndi apo.

Choncho amene akufuna kudziwa ubale wa nyamazi alibe ubweya woti aone, alibe mchira, alibe kalilidwe kake. DNA nayonso palibe, chifukwa yakale kwambiri imene yawerengedwapo ndi ya zaka pafupifupi 2 miliyoni, ndipo pano tikunena za zaka zoposa 30 miliyoni. Chatsala ndi pamwamba pa dzino. Dzino lotafunira la nyama zimenezi lili ndi timitunda tolumikizidwa ndi timizere todutsa mopingasa, ngati mizere ya m'munda yoonera pamwamba pa chulu. Mzere uliwonse uli ndi dzina lake, ndipo akatswiri amawerenga: ilipo inayi kapena isanu? Wachitatuwo wafika m'mphepete kapena wathera pakati? Amayang'ananso ngati dzino loyamba la otafunirawo ndi la ubwana kapena lolowa m'malo. Tchenzi ya lero sigwetsa dzino limeneli, imakhala ndi la ubwana lomwelo mpaka kufa. Metaphiomys inali chimodzimodzi, pomwe zina zakale kwambiri zinkagwetsa n'kumera lina. Amadulanso mano a kutsogolo n'kuona pa makina mmene chikutu chake cholimba chinalukidwira mkati, ndipo kalukidwe ka a Hystricognathi kamadziwika.

Vuto ndi loti mano amanamiza. Nyama ziwiri zopanda ubale wapafupi zikamadya chakudya chofanana kwa zaka mamiliyoni, mano ake amayamba kufanana. Dzino la nyama yokalamba, loperepeseka, limaoneka mosiyana ndi la mwana wa mtundu womwewo, moti wosasamala angathe kupereka mayina awiri pa nyama imodzi. Kufanana konamizaku ife tomwe kunatigwira pa mayina athu. Timati mbira ponena kanyama koweta m'khitchini, timatinso mbira ponena ya m'miyala ija imene akuti inasowa mchira chifukwa chotuma. Yowetayo ndi nyama yokukuta yochokera ku mapiri a Andes. Ya m'miyalayo si yokukuta n'komwe, abale ake ndi njovu. Asayansi nawonso anakhalitsa akuika kalulu m'gulu la makoswe, mpaka mu 1912 pamene James Gidley anamupatsa gulu lake. N'chifukwa chake n'zosadabwitsa kuti ofufuza ena oyambirira, poona mizere isanu pa mano a ku Fayum, anaganiza zoti nyamazi ndi abale a Theridomyidae, banja lina lakutha la ku Ulaya lokhala ndi mano ofananako.

Amene anazipatsa banja lawolawo ndi Albert E. Wood wa ku America, mu 1955, pamene ankakonzanso kagawidwe ka nyama zonse zokukuta. Mu 1968 Wood analemba mwatsatanetsatane za zimene gulu la Simons linatola, n'kuwonjezera mayina atsopano: Phiomys lavocati, Phiomys paraphiomyoides, Metaphiomys schaubi, Paraphiomys simonsi, kanyama kakang'ono kwambiri kotchedwa Phiocricetomys minutus, ndi kena ka mano odabwitsa kamene anakatcha Gaudeamus, mawu a Chilatini otanthauza tiyeni tikondwere. Kwa zaka zambiri pambuyo pake, dzina la Phiomyidae linagwira ntchito ngati dengu la pakhonde. Kanthu kalikonse kakale ka ku Africa, ka nsagwada ya nungu, kamene sikanafike pokhala tchenzi kapena mfuko, kankaponyedwa m'menemo.

Nthawi yomweyo ku France kunali wansembe wina wa Katolika, René Lavocat, amenenso anali katswiri wa mafupa akale. Iye ndi amene anabweretsa dzina la Phiomorpha, gulu lokulirapo lophatikiza nyama za ku Fayum ndi mbadwa zake za ku Africa, ndipo mu 1973 anatulutsa kafukufuku wamkulu wa nyama zokukuta za kum'mawa kwa Africa za zaka pafupifupi 20 miliyoni zapitazo, zochokera m'malo monga chilumba cha Rusinga ndi Songhor ku Kenya. Lavocat ndi Wood ankalemekezana, dzina lija la lavocati ndi umboni, koma anakangana kwa zaka zambiri pa nkhani imodzi, ndipo mkanganowu ndi umene unapangitsa kuti timano ta ku Fayum tikhale nkhani yaikulu.

Nkhani yake inali ya South America. Kumeneko kuli khamu la nyama zokukuta za nsagwada yokhotera kunja yomweyi: mbira zoweta, chinchilla, nungu zokwera mitengo, ndi capybara imene imaposa makilogalamu 50, yaikulu pa zokukuta zonse zamoyo. Gulu limeneli limatchedwa Caviomorpha. Zinafikako bwanji? Africa ndi South America zinapatukana zaka pafupifupi 100 miliyoni zapitazo, nyama zokukuta zisanayambe n'kukhalapo komwe, ndiye sizikanayenda pansi. Wood, pamodzi ndi Bryan Patterson, ankati makolo a Caviomorpha anatsika kuchokera ku North America, ndipo kufanana kwawo ndi za ku Africa kunangochitika pakokha mbali ziwirizi. Lavocat, mothandizidwa ndi Robert Hoffstetter, ankati ayi. Kufananako n'kochuluka kwambiri, kukufika mpaka m'timafupa ta m'khutu ndi njira za mitsempha ya m'chigaza, ndiye ziyenera kuti zinachokera ku Africa, zitawoloka Atlantic pa zitsotso za mitengo ndi udzu zokokoloka ndi madzi osefukira.

Kunena zoona, ndikanakhalapo nthawi imeneyo ndikanakhala mbali ya Wood. Nyanjayo inali yopapatiza kuposa lero, komabe inali ya makilomita oposa 1,000, ndipo n'zovuta kukhulupirira zoti tinyama tonga mbewa tingakhale moyo masabata pa chitsotso pakati pa madzi amchere. Koma amene anaonako Shire itasefukira, zilumba zathunthu za udzu ndi namasupuni zikuyandama kutsika, angamvetse kuti mitsinje ikuluikulu imalavulira zinthu zotere m'nyanja chaka ndi chaka, ndipo pa zaka mamiliyoni ulendo umodzi wokha wopambana ndi wokwanira. Kafukufuku wa DNA ya nyama zamoyo, kuyambira cha m'ma 1990, anagamula mlanduwu. Tchenzi ndi mfuko ndi abale apafupi a mbira zoweta ndi capybara kuposa mmene zilili ndi zokukuta za ku North America monga agologolo. Wansembe uja anali atalasa. Anyani a ku South America nawonso akuoneka kuti anadzera njira yomweyo, ndipo abale awo akale amapezeka ku Fayum komweko.

Kupambana kwa Lavocat kunabweretsa mavuto ku banja la Phiomyidae. Pofika nthawiyi kagawidwe ka zamoyo kanali katasintha, kutsatira maganizo a Willi Hennig wa ku Germany. Kale kufanana kunali kokwanira kuika nyama m'banja limodzi. Hennig anati banja lenileni ndi kholo limodzi ndi mbadwa zake zonse, osasiyako ngakhale imodzi, ndipo umboni wake ukhale zizindikiro zatsopano zimene mbadwazo zinatengera kwa kholo limenelo, osati zakale zimene aliyense ali nazo. Tiyerekeze ndi kumudzi. Mutasonkhanitsa agogo onse a m'midzi itatu n'kuwatcha banja limodzi chifukwa onse ali ndi imvi, kwinaku zidzukulu zawo mukuzilemba m'mabanja ena, aliyense angakuuzeni kuti imvi si ubale. Phiomyidae wa m'mabuku akale anali wotero. Zimene zinkagwirizanitsa mamembala ake kwambiri zinali ukale wawo.

Ntchito yopatula denguli yachitika makamaka m'zaka makumi awiri zapitazi, ndipo dzina lomveka kwambiri ndi la Hesham Sallam wa ku Mansoura University ku Egypt komweko, pamodzi ndi Erik Seiffert ndi Simons mwiniwake. Amalemba zizindikiro zambirimbiri za mano ndi zigaza za mtundu uliwonse, n'kuzipereka ku kompyuta kuti ifufuze mtengo wa ubale wogwirizana bwino ndi umboniwo. Mu 2009 anafotokoza Protophiomys aegyptensis ndi Waslamys attiai zochokera pa malo a ku Fayum otchedwa BQ-2, a zaka pafupifupi 37 miliyoni. Izi ndi zakale kuposa Phiomys, ndipo mano ake ndi osavuta, oyandikira ku chiyambi cha gulu lonse. Malo ena otchedwa L-41, a zaka pafupifupi 34 miliyoni, anapereka zigaza zophwanyika koma zokwanira, ndipo kumeneko kunachokera mayina monga Acritophiomys mu 2012, Birkamys ndi Mubhammys mu 2016. Magulu a ofufuza a ku France ogwira ntchito ku Libya anachita mbali yawo. Zotsatira zake, mitundu imene Wood anaiika pansi pa Phiomys inayamba kusamuka. Lavocati inakhala Talahphiomys, dzina lochokera ku Dur at-Talah ku Libya, ndipo paraphiomyoides inakhala Neophiomys. Ija ya simonsi inachoka mu Paraphiomys n'kukhala Monamys.

Gaudeamus ndiye yavutitsa kwambiri. Mano ake ndi aatali, mizere yake yopendekeka, osafanana ndi a anzake a nthawi imodzi. Mu 2011 Sallam ndi anzake, atapeza zigaza zake ku L-41, anaipatsa banja lakelake, Gaudeamuridae. Koma mawerengedwe a pa kompyuta sanagwirizane pa malo ake. Ena amaiika pafupi ndi nungu, ena mkati mwa Caviomorpha a ku South America, zimene zikanatanthauza zinthu zovuta kumvetsa pa nkhani ya kuwoloka nyanja ija. Ena amaganiza kuti mwina ndi mano aja akunamizanso. Wood anaitcha tiyeni tikondwere, koma amene amayesa kuipezera malo sakondwa kwenikweni.

Ndiye Phiomyidae ndi ndani lero? Zimatengera buku limene mwatsegula. Ena amasunga dzinali mopapatiza, pa Phiomys ndi oyandikana nayo ochepa okha. Ena amalilemba m'zizindikiro zogwira mawu, kusonyeza kuti akuligwiritsa ntchito mwa chizolowezi chabe, monga timatchulira malo ndi dzina la sitolo imene inatsekedwa kale. Dzinalo silingafe chifukwa malamulo a mayina amalimangirira pa Phiomys, ndipo kulikonse kumene Phiomys ingaikidwe dzinalo lilipo loti ligwiritsidwe ntchito. Amene amasuntha ndi malire ake. Mwini ndimaona kuti kusunthaku si chisokonezo monga ena amadandaulira. Mndandanda wa magulu umene mumaupeza m'buku, kuchokera ku Mammalia, gulu la nyama zoyamwitsa, kutsika ku Rodentia, Hystricognathi, Phiomorpha mpaka ku banja, umaoneka ngati chinthu chomalizidwa, koma mzere uliwonse ndi chigamulo cha munthu amene anali ndi mano angapo patebulo pake. Akabwera wina ndi chigaza chathunthu, chigamulocho chiyenera kuunikidwanso.

Mawu akuti banja lakutha nawonso ayenera kumvedwa mosamala. Mabanja ena anathadi osasiya mbewu. Diamantomyidae ndi chitsanzo. Diamantomys luederitzi, imene Ernst Stromer anaifotokoza mu 1922 kuchokera ku dera la miyala ya dayamondi ku Namibia, inali yochuluka kwambiri ku Kenya ndi Uganda zaka pafupifupi 20 miliyoni zapitazo, koma lero ilibe mdzukulu. Za ku Fayum n'zosiyana. Ngati ena mwa amene ankatchedwa Phiomyidae ali pa mzere umene unabala tchenzi, ndiye mzerewo sunathe, unangosintha dzina panjira. Pakati pake pali nyama ngati Paraphiomys pigotti, imene Andrews anaitchula mu 1914 kuchokera ku Karungu m'mphepete mwa nyanja ya Victoria, ndipo kawirikawiri imaikidwa m'banja la tchenzi lenilenilo. Zotsala za Phiomorpha lero n'zochepa: mitundu iwiri ya tchenzi, kanyama kamodzi ka m'miyala ya ku Namibia ndi madera oyandikana nawo kotchedwa Petromus, ndi afuko. Mbewa ndi makoswe amene adzaza m'minda yathu ndi obwera pambuyo, makolo awo analowa mu Africa kuchokera ku Asia eni nthaka aja atakhala kale zaka mamiliyoni ambiri.

Nthawi zinanso banja lolembedwa kuti linatha limadzapezeka pa msika. Mu 1996 ofufuza anaona kanyama kachilendo kakugulitsidwa ngati ndiwo pa msika wa ku Thakhek m'dziko la Laos, kamene eni dera amakatcha kha-nyou ndipo akhala akukadya kuyambira kale. Mu 2005 kanapatsidwa dzina la Laonastes aenigmamus ndi banja latsopano. Chaka chotsatira Mary Dawson ndi anzake anayerekeza mano ndi chigaza chake ndi mafupa akale, n'kupeza kuti ndi ka banja la Diatomyidae, limene aliyense ankati linatha zaka 11 miliyoni zapitazo. Banja latsopano lija linafa lisanathe chaka, lakale n'kuuka.

Funso limene likusautsa akatswiri panopa ndi la nthawi. Umboni ukusonyeza kuti makolo a nyama za nsagwada ya nungu anachokera ku Asia, komwe kumapezeka abale awo akale monga a ku mapiri a Bugti ku Pakistan, n'kuwolokera ku Africa imene nthawi imeneyo inali ngati chilumba chachikulu. Zakale kwambiri zodziwika ku Africa ndi za Protophiomys, chiwongo chimene chinatchulidwa koyamba mu 1985 kuchokera ku Algeria, ndipo mano ake a ku Tunisia ndi a zaka pafupifupi 39 mpaka 40 miliyoni. Koma mu 2012 gulu la Pierre-Olivier Antoine linafotokoza timano ta Caviomorpha tochokera ku Contamana, m'nkhalango ya Amazon ku Peru, n'kunena kuti ndi ta zaka 41 miliyoni. Timano timeneti, ta Cachiyacuy ndi Canaanimys, timafanana kwambiri ndi ta ku Africa. Ngati zakazo zili zolondola, mdzukulu wa ku Peru akuoneka wamkulu kuposa agogo ake onse odziwika a ku Africa. Ofufuza ena akuti miyala ya ku Contamana si yakale kufika pamenepo ndipo anapimanso zaka zake. Ena akuti agogowo alipo, kungoti sanafukulidwe, poti pafupifupi zonse zimene tikudziwa za nthawi imeneyi zachokera kumpoto kwa Africa, pomwe chitsotso chija chiyenera kuti chinanyamukira ku gombe la kumadzulo, kumene miyala ya zaka zimenezo ili pansi pa nkhalango ndipo anthu osefa mchenga wake ndi ochepa.